Chikomekome cha dziko la m'kompyuta

Pali nkhani ina imene ndimati ndikaikumbukira ndimayamba kuseka ndekha, mpaka anthu a m'minibasi kumandiyang'ana modabwa. Kumapeto kwa Novembala 2022, bungwe la mayiko a ku Ulaya la European Union lidakonzera achinyamata phwando. Malo ake adali m'dziko la m'kompyuta, lija akulitcha metaverse, momwe munthu amalowa kudzera pa intaneti n'kupatsidwa kachidole komuimira. Kachidoleko amakayendetsa ndi zala, kamayenda, kamalankhula, kamavina, mwini wake ali khale pampando kunyumba. Akuluakulu a bungwelo adawononga ma euro 387,000 kumangitsa malowo, chilumba cha mchenga ndi nyanja, nyimbo zosaleka usana ndi usiku. Ankafuna kuti achinyamata a zaka 18 mpaka 35, aja amagonera pa TikTok ndi Instagram, adziwe za Global Gateway, ndondomeko ya bungweli yoika ndalama pa misewu, magetsi ndi zitukuko zina m'mayiko ena.

Tsiku la phwando litakwana, mtolankhani wa Devex, Vince Chadwick, adalowamo kuti akaone khamulo. Adapezamo anthu ngati asanu. Adacheza nawo pang'ono, aliyense akudabwa mnzake, kenako adayamba kuzemba mmodzimmodzi mpaka mtolankhaniyo adatsala yekha, nyimbo zili mkati. Ndikamaganiza za amene adasainira ndalamazo, ndimaona bambo amene wapha ng'ombe, waitana oimba, wakhoma tenti, koma waiwala kufunsa mwana wake ngati akufuna kukwatiwa.

Musaganize kuti adayamba ndi iwowo. Matendawa ndi akale. Mu 2003 kampani ya Linden Lab ya ku San Francisco, imene adayambitsa Philip Rosedale, idatsegula dziko lotere lotchedwa Second Life. M'menemo anthu ankamanga nyumba, kusoka zovala za zidole zawo, kugula ndi kugulitsa malo pogwiritsa ntchito ndalama ya komweko, Linden dollar, imene inkasinthidwa ndi madola enieni. Pofika 2006 ndi 2007, aliyense wofuna kuoneka wotsogola ankathamangira kumeneko. Kampani ya nkhani ya Reuters idaikako mtolankhani wake wokhazikika. Pulofesa Charles Nesson wa sukulu ya zamalamulo ya Harvard adaphunzitsako kalasi pamodzi ndi mwana wake Rebecca. Dziko la Maldives ndi la Sweden adatsegulako maofesi a kazembe. Chipani cha Front National cha ku France nacho chidamangako likulu, ndipo mu Januwale 2007 anthu odana nacho adabwera kudzachita zionetsero, n'kumaliponyera nkhumba zophulika. Zionetsero zopanda utsi wokhetsa misozi, zopanda wothyoka mwendo, ndipo mawa lake ku France kudacha monga mwa masiku onse.

Masukulu aukachenjede ambiri adabwereka zilumba zawo. Ndiye taonani chimene ambiri adamangapo. M'dziko limene munthu amatha kuuluka, kulowa pansi pa nyanja, kapena kuyenda mkati mwa mtima wa munthu n'kumaona magazi akudutsa, aphunzitsi adamanga chipinda cha makoma anayi, mipando m'mizere, bolodi kutsogolo. Zidole za ophunzira n'kukhala phee, chidole cha mphunzitsi n'kumalankhula. Ngakhale denga adaikapo, kumene mvula siigwa. Posakhalitsa zilumba zambiri zidasanduka mabwinja. Reuters idachotsa mtolankhani wake mu 2008.

Mungati anthu adaphunzirapo kanthu. Koma Facebook itasintha dzina kukhala Meta mu Okutobala 2021, malungo aja adayambiranso. Mzinda wa Seoul ku South Korea udatsegula Metaverse Seoul mu Januwale 2023, yokhala ndi ofesi ya meya, malo ofunsira za misonkho, ngakhalenso chipinda cholangizira achinyamata. Mu 2024 adaitseka, olowamo atachepa. Amenewo ndi anthu a intaneti yothamanga ngati mphezi, oti sadziwa n'komwe mawu akuti "bandulo yatha". Akuluakulu adanena kale kuti chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere. Ine ndimaukonda mwambi umenewu chifukwa sunyoza nkhuyu. Umangoti uyambe waing'amba usanaiponye m'kamwa.

Ndiye tiyeni tiing'ambe. Nyerere zake n'zotani?

Inu ndi ine tikudziwa bwino momwe msonkhano wa achinyamata umayendera, chifukwa tonse tidakhalapo pa benchi ija. Mumafika m'mamawa, mwavala matisheti ofanana amene mwalandira pakhomo. Mlendo wolemekezeka amafika dzuwa lili pamutu. Mtsikana wina amalakatula ndakatulo, anyamata amachita sewero la kuipa kwa mowa, kwaya imaimba. Kenako mmodzi wa inu, amene adasankhidwa ndi akuluakulu omwewo chifukwa ndi waulemu, amawerenga madandaulo atatu amene adayamba aonedwa kuti alibe minga. Mlendo uja amaimirira, amakonza tayi, n'kunena mawu amene ndakhala ndikuwamva kuyambira ndili wakabudula: achinyamata ndinu atsogoleri a mawa. Amawonjezera kuti "tamva, tikaziona", amajambulitsa, galimoto n'kumapita. Inu mumatsala ndi botolo la zoziziritsa kukhosi ndi banzi limodzi. Lero ine imvi zili mbuu, ndipo ena mwa amene ankatiuza za mawa lija adakali pa mipando yomwe ija, akuuzanso zidzukulu zathu zomwezo. Mawa limeneli lidasochera kuti?

Tsono tengani msonkhano womwewo, muulowetse m'kompyuta. Mlendo wolemekezeka akhale chidole chovala suti, wachinyamata akhale chidole chokhala ndi mapiko. Chasintha n'chiyani? Kusiyana kwake n'kumodzi basi: mu holo mwana amaopa kutuluka chifukwa aphunzitsi aima pakhomo, pomwe m'kompyuta amangodina kabatani n'kusowa. Anthu asanu a ku phwando aja adachita zimene tonsefe tinkalakalaka kuchita pa benchi paja. Akuluakulu amadandaula kuti achinyamata alibe chidwi ndi nkhani za dziko lawo. Chidwi ali nacho, ndipo chambiri. Kungoti ali ndi mphuno yonunkhiza msanga malo amene mawu awo sakafika kulikonse.

Komatu sikuti nkhuyu zonse zili ndi nyerere, ndipo apa m'pamene nkhaniyi imandikomera. Second Life idali ndi chigawo chapadera cha ana a zaka 13 mpaka 17, Teen Second Life, chimene chidatsegulidwa mu 2005. Wamkulu sankalowamo wamba. Ankayamba wafufuzidwa mbiri yake, ndipo akaloledwa ankakhala pa chilumba cha bungwe lake basi. Bungwe la Global Kids la ku New York lidalowamo mu 2006. Mu 2008 lidagwirizana ndi nyumba yosungira zakale ya Field Museum ya ku Chicago pa ntchito imene adaitcha I Dig Tanzania, ndipo chaka chotsatira adachita I Dig Zambia. Asayansi enieni adali m'tchire, ku Zambia kudali ku chigwa cha Luangwa, akukumba mafupa a nyama zimene zidatha kalekale. Ana a ku New York ndi Chicago ankakumana m'kompyuta, kukumba mafupa awo a m'kompyutamo motsanzira, kenako n'kumalankhulana ndi asayansi aja, kuwafunsa zimene apeza ndi momwe akuzitulutsira m'mwala osaziphwanya. Ana amenewo sadathawe. Akadathawiranji? Kumapeto kwa waya kudali munthu wafumbi m'maso, wogwira fupa lenileni, woyankha funso lako iweyo.

Ngakhale pamenepo nyerere ina idalimo. Mu 2010 Linden Lab idalengeza kuti ichotsa mwayi umene masukulu adali nawo wolipira theka la mtengo wa chilumba, ndipo chigawo cha ana chija idachitseka chaka cha 2011 chikuyamba. Aphunzitsi amene adatha zaka akumanga adadzuka n'kupeza lendi yakwera kawiri. Ambiri adalongedza. Mwini malo ndi mwini malo, kaya malowo ndi a dothi kaya a m'kompyuta, ndipo amene akufuna kumangira ana sukulu pa malo a kampani ya ku California ayambe wawerenga bwino pangano.

Chitsanzo chimene ndimachikonda kuposa zonse chili ku Kibera, mu Nairobi. Mu 2012 nthambi ya United Nations yoona za malo okhala anthu, UN-Habitat, imene likulu lake lili mu Nairobi momwemo, idagwirizana ndi Mojang, kampani ya ku Sweden imene idapanga masewero a Minecraft. Ntchitoyo adaitcha Block by Block, ndipo malo oyamba kuyeserapo adali bwalo la masewero la Undugu. Minecraft ndi masewero omanga zinthu ndi timabokosi tonga njerwa, osavuta, oti mwana amawadziwa tsiku limodzi. Amachita chonchi: amatenga zithunzi ndi mapu a malo enieni, bwalo lafumbi kapena msika, n'kuwamanga m'masewerowo momwe alili, ndi ngalande zake zomwe. Kenako amaitana anthu okhala pamalopo, ana, amayi ogulitsa malonda, achikulire, olumala, kwa masiku angapo. Aliyense amagwira kompyuta n'kuikapo chimene akufuna. Wina amaika mtengo wa mthunzi apa, wina mpopi apo, wina benchi. Pomaliza amaonetsa ntchito yawo pamaso pa akuluakulu a mzinda, akatswiri a mapulani amatenga maganizowo n'kuwajambula mwaukadaulo, ndipo pamakhala ndalama zomangira.

Njira imeneyi yagwiritsidwa ntchito ku Nepal, Kosovo, Haiti ndi mayiko ena ambiri. Ku Hanoi, m'dziko la Vietnam, atsikana a sukulu adaigwiritsa ntchito kusonyeza malo amene ankachita nawo mantha popita ndi pochokera kusukulu, n'kuikapo magetsi ndi zina zowateteza. Taganizani bwino pamenepa. Mtsikana wa zaka 14 sangaimirire pa msonkhano wa abambo n'kunena kuti ngodya yakutiyakuti amaiopa kukada. Manyazi amugwira, ndipo wina amuuza kuti akhale pansi. Koma mupatseni kompyuta, aika nyale pa ngodyayo osalankhula kanthu, ndipo injiniya aiona. Mapulani a akatswiri munthu wamba sawamva, ndi mizere ndi manambala chabe, pomwe bwalo la m'masewero aliyense amalizindikira: iyo nyumba ya amayi uje, iyo ngalande imene imasefukira. Apa kompyuta yagwira ntchito yake, yapatsa mawu munthu amene pamsonkhano amakhala kumbuyo.

Mwaonatu kusiyana kwake. Ku phwando la ku Ulaya kuja, akuluakulu adali ndi uthenga wawo ndipo ankafuna makutu oti authiremo. Ku Kibera adali ndi funso, ndipo kuseri kwa funsolo kudali matumba a simenti. Makompyuta ake ndi ofanana, mwinanso a ku Kibera ndiye otsika mtengo.

Ndikudziwa kuti fashoni imeneyi ifika kuno, ngati siidafike kale, chifukwa mafashoni a chitukuko sasochera njira ya kwathu. Kalembera wa 2018 adapeza kuti tidalipo anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo oposa theka adali osakwana zaka 18. Chiwerengero chotere chimakopa aliyense wolemba pempho la ndalama. Tsiku lina mudzamva kuti ku hotela ina kunyanja kuli msonkhano wokhazikitsa bwalo la achinyamata la m'kompyuta. Kudzakhala zikwangwani, alawansi, ndi mlendo wolemekezeka atavala magalasi akuluakulu oonera dziko la m'kompyuta, akupapasa m'mwamba, ojambula ali kalikiliki. Sindidzadandaula za magetsi ozimazima kapena netiweki yofuna kukwera pachulu, zimenezo adzanena ena, ndipo mwina zidzakhala zitakonzedwa. Dandaulo langa ndi lomwe lija la pa benchi: akamaliza kulankhula anawo, akumva ndani, ndipo womvayo ali ndi mphamvu yanji?

Pajatu sitisowa malo oyeserapo. Tauni iliyonse ili ndi bwalo la mpira limene likudyedwa pang'onopang'ono, lero mpanda wa njerwa mbali iyi, mawa maziko a shopu mbali inayo, mpaka golo limodzi latsamira khoma la munthu. Ili ndi depoti imene mvula ikagwa imasanduka dambo, ndi mlatho wa mitengo umene ana a sukulu amawoloka atagwirana manja. Khonsolo imene ikufunadi maganizo a achinyamata isankhe malo amodzi otere, inene poyera kuti pali ndalama zakutizakuti, ndipo ilonjeze kuti chimene anawo agwirizane chidzamangidwa chaka chisanathe. Ikatero iwapatse Minecraft ngati makompyuta alipo. Ngati palibe, iwapatse dongo ndi zitsotso za mabotolo, aumbe pansi. Mudzaona ngati padzafunike matisheti kuti abwere.

Kwa inu achinyamata, langa ndi limodzi. Akadzakuitanani ku dziko latsopanolo, pitani, kaulukeni, kavineni, palibe choipa. Koma musanasankhe mtundu wa mapiko a chidole chanu, kwezani dzanja mufunse mwaulemu kuti, "Bwana, nanga simenti agula ndani?" Akayamba kukonza tayi, dziwani kuti zatha. Dinani kabatani kaja mukaone ntchito zina.