Mabakiteriya oteteza mbewu ku zitsulo za poizoni: kodi amatetezanso wodya?

Alimi ambiri a ku Nkhamenya, m'boma la Kasungu, tsopano akulima soya ndi mtedza m'minda yomwe kwa zaka zambiri munkakhala fodya. Nawo inokulanti, ufa wosakaniza ndi mbewu ya soya podzala, wafala m'sitolo za zipangizo zaulimi. Mu ufawu muli mabakiteriya amoyo. Asayansi apeza kuti ena mwa mabakiteriya a m'nthaka amathandiza mbewu kupirira zitsulo za poizoni. Nkhaniyi ikukhudza mbale yanu ya nsima.

Zitsulozi zimafika bwanji m'munda?

Tikunena cadmium, mtovu, mercury ndi nickel. Sizivunda ngati mapesi: zikalowa m'nthaka zimakhalitsa.

Njira ina ndi feteleza wa phosphate, poti miyala yomwe amapangira fetelezayu imakhala ndi cadmium mwachilengedwe. N'chifukwa chake bungwe la European Union linakhazikitsa malire mu 2019: mamiligalamu 60 a cadmium pa kilogalamu iliyonse ya phosphate. Njira ina ndi zinyalala za m'migodi ndi mabatire otayidwa.

Nthaka ya asidi imachititsa kuti mizu izimwa cadmium mosavuta, ndipo feteleza ngati yureya akamathiridwa chaka ndi chaka popanda laimu amawonjezera asidiyo. Fodya ndiye katswiri pokoka cadmium n'kuisunga m'masamba, moti osuta amapezeka nayo yambiri m'magazi kuposa osasuta. Munda womwewo ukasanduka wa soya, chokokedwacho chikhoza kuthera mu phala la mwana.

Zimatani m'thupi?

Cadmium imaunjikana mu impso ndipo thupi limatenga zaka 10 mpaka 30 kuti lichotse theka lake lokha. Imafooketsa mafupa komanso ili m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa. Ku Toyama, m'dziko la Japan, anthu odya mpunga wothiriridwa ndi madzi a mtsinje wa Jinzu, woipitsidwa ndi mgodi, anadwala nthenda yothyola mafupa yotchedwa itai-itai. Boma la dzikolo linavomereza gwero lake mu 1968.

Mtovu umawononga ubongo wa ana. Ku Kabwe, Zambia, mgodi unatsekedwa mu 1994 koma ana akupezekabe ndi mtovu wambiri m'magazi.

Mabakiteriya amathandiza bwanji?

Mbewu ikakumana ndi zitsulozi mizu imapinimbira, masamba amachita chikasu. Mabakiteriya okhala pamizu amalowererapo m'njira zingapo.

Ena amatulutsa zinthu zonanda zomwe zimagwira chitsulocho ngati ulimbo, chisalowe mumuzu. Ena amatolera ayironi m'nthaka n'kupatsa mbewu, chifukwa cadmium ndi nickel zimalanda malo a ayironi, ndiye chikasu chija. Enanso amachepetsa ethylene, mpweya womwe mbewu imatulutsa ikapanikizika n'kuimitsa kukula kwa mizu yake yomwe. Palinso otulutsa michere yokulitsa mizu.

Ndiye vuto latha?

Ayi. Mu 1998, gulu la Bernard Glick wa pa University of Waterloo ku Canada linayesa bakiteriya wotengedwa m'nthaka ya kufupi ndi migodi ya Sudbury. Mbande za canola ndi tomato zomwe zinapatsidwa bakiteriyayo zinapirira nickel bwino. Koma atayeza canola, mlingo wa nickel m'mbewumo sunatsike. Mbewu inapulumuka, chitsulo chili momwemo.

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Mitundu ina ya mabakiteriya imatsekereza zitsulo m'nthaka, ina imangolimbitsa mbewu, ndipo ina imasungunula zitsulozo kuti mbewu izikoka zambiri. Yomalizayi ndi yabwino poyeretsa malo oipitsidwa ndi mbewu zosadyedwa, koma yoopsa m'dimba la ndiwo zamasamba. Munda wobiriwira si umboni woti chakudya chake ndi chabwino.

Dziwaninso kuti inokulanti wa soya wogulitsidwa m'Malawi, monga Nitrofix, anapangidwira ntchito ina: kumera timibulu pamizu tomwe timakoka nayitrojeni mumpweya. Phindu lake pankhani ya zitsulo ndi lapambali: mlimi amachepetsa feteleza wa nayitrojeni yemwe amawonjezera asidi. Wina akakuuzani kuti ufawu umachotsa poizoni m'nthaka, mufunseni umboni.

Bwanji nkhaniyi panopa?

Migodi ikuyandikira minda. Ku Kanyika, m'boma la Mzimba kufupi ndi malire a Kasungu, kampani ya Globe Metals & Mining inasainirana mgwirizano ndi boma mu 2023 wokumba niobium. Ku Zambia, damu la zinyalala za mgodi wa kopa linaphulika mu February 2025, madzi a asidi n'kuwononga minda ndi nsomba mumtsinje wa Kafue. Phunziro n'lakuti nthaka ndi madzi ziziyezedwa mgodi usanayambe, kuti zikadzasintha pasadzakhale kukanirana. Udindowu ndi wa makampani ndi bungwe loteteza zachilengedwe la MEPA, pomwe Malawi Bureau of Standards ndiyo yoona ubwino wa katundu wogulitsidwa.

Mungachite chiyani?

Pitani kwa alangizi a zaulimi akuthandizeni kutumiza dothi ku labotale, monga ya ARET kapena Chitedze, ndipo funsani ngati kuyezako kukuphatikiza zitsulo. Asidi akachuluka thirani laimu. Manyowa owola bwino amagwira zitsulo komanso kudyetsa mabakiteriya abwino. Sungani inokulanti pozizira, dzalani tsiku lomwe mwasakaniza. Musaotche kapena kutaya mabatire m'dzenje la manyowa, ndipo musalime masamba kumunsi kwa malo otsukira golide.

Mabakiteriya angapulumutse zokolola zanu. Koma chomwe chingakuuzeni ngati chakudyacho chili chabwino kwa mwana wanu ndi kuyeza basi.