Kuchoka ku Longyearbyen kupita ku Utqiagvik

Bwalo la ndege la Longyearbyen lili pa zilumba za Svalbard, zomwe ndi mbali ya dziko la Norway. Linatsegulidwa mu 1975, ndipo pa mabwalo onse olandira ndege za apaulendo nthawi zonse, palibe lina lili kumpoto kuposa ilo. Bwalo la Utqiagvik, tauni yomwe mpaka 2016 inkatchedwa Barrow, lili kunsonga ya Alaska ku America. Pakati pa mabwalo awiriwa pali makilomita pafupifupi 3,400.

Vuto limayamba munthu akafuna kuutsimikiza mtundawu pa mapu aja opachika m'kalasi. Pamenepo Svalbard ali chapakati, Alaska ali kumapeto kwenikweni kumanzere, ngati kuti kupitako n'kudutsa theka la dziko. Bodzali analisiya ndi Gerardus Mercator mu 1569. Dziko ndi lobulungira ngati lalanje, ndipo khungu la lalanje silingayalidwe patebulo osaling'amba kapena kulikoka. Mercator anasankha kukoka, ndipo anakoka kwambiri cha kumpoto ndi kummwera. Kwa oyendetsa sitima zam'madzi zinathandiza, koma n'chifukwa chake Greenland amaoneka ngati mnzake wa Africa, pamene Africa ndi wamkulu kuwirikiza ka 14. Aliyense amene anaphunzira jogalafe moyang'ana khoma ananamizidwa, ndipo mapuwo akupachikidwabe popanda wochita manyazi.

Njira yachidule pakati pa mabwalowa silowera kumadzulo ayi. Imalunjika kumpoto, n'kudutsa pafupi ndi North Pole, kenaka n'kutsikira tsidya linalo. Woika ulusi pa mpira wa dziko amaziona yekha. Mu Epulo 1928, Hubert Wilkins ndi Carl Ben Eielson ananyamuka ku Point Barrow pa kandege ka injini imodzi ka Lockheed Vega n'kukatera ku Svalbard patatha maola pafupifupi 20. Iwo anakhotera cha kumbali ya Canada ndi Greenland, komabe anafika.

Lero, pamene ndege zili zamphamvu koposa, wapaulendo wamba sangagule tikiti ya ulendo umenewu. Anthu a ku Longyearbyen ndi pafupifupi 2,500, a ku Utqiagvik pafupifupi 5,000, ndipo palibe kampani ingawotche mafuta chifukwa cha anthu awiri atatu ofuna kuwoloka madzi oundana. Choncho munthu amayamba watsikira kummwera ku Oslo, makilomita 2,000, n'kuwoloka nyanja ya Atlantic, kufika ku Seattle, kukwera ndege ina ya ku Anchorage, ndiye n'kudikira ya ku Utqiagvik. Akamatsika amakhala atayenda makilomita oposa 12,000. Akuluakulu anati khotekhote ngwa njira, palinga mtima m'pomwepo, koma iwo sankalipira tikiti.

Wa ku Malawi sangadabwe nazo. Wofuna kupita kumadzulo kwa Africa amayamba wakaona Addis Ababa kapena Nairobi, nthawi zina n'kugonako, chifukwa ndege zimatsata komwe kuli makasitomala. Makina owerengera mtunda pa intaneti sanena zimenezi. Amangotulutsa nambala yoyera bwino ya makilomita 3,400, ena n'kuisinthira m'mamailosi apamtunda, ena m'mamailosi apanyanja omwe oyendetsa ndege amagwiritsa ntchito, ndipo imodzi ya apanyanjawa ndi makilomita 1.852. Maola okhala pabenchi ku Seattle sawerengedwa paliponse.