Chamba cha Mitundu Iwiri M'chipinda Chimodzi: Phindu Lake Nlochepa

Dziko la Lesotho lidayamba kupereka ziphaso zolimira chamba cha mankhwala m'chaka cha 2017. Zimbabwe idatsatira mu 2018, Malawi idakhazikitsa lamulo lake mu 2020, ndipo Zambia idachita chimodzimodzi mu 2021. Wolima chamba wopanda chiphaso m'maikowa akulakwirabe lamulo. Nkhani ino ikukhudza okhawo amene adalipira ndalama zambiri kuti atenge chiphaso, nagula nyali ndi mbeu zochokera kunja. Ambiri mwa iwo ali ndi chipinda chimodzi chokha cholimiramo, motero amafunsa alangizi ngati nkotheka kusakaniza mitundu iwiri ya chamba pansi pa nyali zomwezo. Kutheka nkotheka ndithu. Koma kaamba ka chibadwa cha mitundu iwiriyi, mlimi wotero amalipira magetsi a mbeu ziwiri nkukolola ngati wabzala imodzi ndi theka.

Mtundu woyamba ndi umene umachita maluwa potsata kutalika kwa usiku. Akatswiri awiri a ku America, Garner ndi Allard, ndiwo adafotokoza khalidweli mu 1920 atayesa fodya wa Maryland Mammoth pamodzi ndi soya. Mu 1938 Hamner ndi Bonner adaonetsa kuti mbeu zotere zimawerenga mdima wosadukiza, osati kuwala. Nchifukwa chake alimi a m'nyumba amayatsa nyali maola 18 ndi kuthimitsa maola 6 pofuna kuti chamba chingokula masamba ndi nthambi, ndipo akafuna maluwa amasintha kuti kuwala kukhale maola 12, mdima maola 12. Mtundu wachiwiri, umene amalonda amautcha autoflower, uli ndi magazi a chamba cha kumadera ozizira a Russia chimene Janischewsky adachitcha Cannabis ruderalis mu 1924. Kumeneko chilimwe nchachifupi, ndipo mbeu yodikira usiku wautali ingaphedwe ndi chisanu isanabereke. Tsono mtunduwu umayamba maluwa wokha ukatha masabata atatu kapena anayi, ndipo umakololedwa pakatha masabata 10 mpaka 12, nyali ziyake nthawi yaitali kapena yaifupi.

Vuto lagona pamenepa. Chipinda chikakhala pa maola 12, mtundu woyamba umachita maluwa bwino, koma autoflower imamanidwa chakudya, pakuti kuwala ndiko chakudya cha mbeu. Maola 12 ndi magawo awiri mwa atatu a maola 18, ndipo mbeu imene moyo wake wonse ndi miyezi itatu ilibe nthawi yobwezera zimene yataya. Imakhala yaifupi, maluwa ake opepuka. Chipinda chikakhala pa maola 18, autoflower imakondwa, koma mtundu winawo umangotalika osachita maluwa, nuphimba anzake ndi mthunzi. Ena amayesa kugwirizanitsa mbali ziwirizi poika maola 14 kapena 15. Kumeneku ndiko kulakwitsa kwenikweni, chifukwa malire amene mitundu yambiri imayambira maluwa ali pafupi pomwepo, ndipo amasiyana mtundu ndi mtundu: mbeu zina zimayamba maluwa, zina zimazengereza, munda nkukhala wosapsera limodzi. Wogula chamba cha mankhwala amafuna katundu wofanana mphamvu thumba lililonse, ndipo amayeza asanalipire.

Pali njira imodzi yokha yosakanizira imene ili ndi nzeru. Mlimi wa mtundu woyamba amasunga mitengo yamayi, imene amadulako nthambi zobzala, ndipo mitengoyi imakhala pa maola 18 chaka chonse kuti isachite maluwa. M'chipinda chotero malo otsala angadzazidwe ndi autoflower, popeza magetsi ake alipiridwa kale. Koma izi zikutanthauza kuti mlimiyo ali ndi chipinda chachiwiri cha maluwa, chotsekedwa bwino kuti ngakhale kuwala kwa pansi pa chitseko kusalowe. Amene ali ndi chipinda chimodzi asankhe mtundu umodzi. Kunyamula miphika madzulo aliwonse kukaibisa mu mdima, monga ena amachitira, kumatheka pa miphika isanu. Pa miphika 200 ndi ntchito yongothyola nthambi ndi misana ya antchito. Adziwenso kuti autoflower siisungika ngati mtengo wamayi, chifukwa nthambi yodulidwa imakhala ndi msinkhu wa make ndipo imachita maluwa nthawi yomweyo. Wosankha mtunduwu adzagula mbeu ulendo uliwonse, kawirikawiri ndi ndalama zakunja.

Ndondomeko za maolazi zidakonzedwa ndi alimi a ku Ulaya ndi ku North America, kumene dzuwa limasowa miyezi ingapo ndipo magetsi sathimathima. Nyali imodzi ya mawati 600 imadya mayunitsi 10.8 pa tsiku ikayaka maola 18, ndi mayunitsi 7.2 ikayaka maola 12, osawerengera zoziziritsira chipinda m'mwezi wa Okutobala. Mphepo ya mkuntho ya Ana itaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko la Malawi lidataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Zambia ndi Zimbabwe zidaona mdima wotere madzi atachepa ku Kariba mu 2024. Magetsi akamathima usiku ndi usiku, mitengo yamayi imalandira mdima wautali ndipo ingayambe maluwa mwini wake asakufuna. Pa mfundo iyi yokha autoflower ili ndi mwayi, chifukwa siisokonezeka, ingochepa zokolola.

Komatu funso loyenera akatswiri a kafukufuku m'chigawo chino ndi lakuti chifukwa chiyani mlimi wa ku Lilongwe atsekere mbeu m'chipinda. Kumeneko tsiku lalifupi la mu Juni limaposa pang'ono maola 11, ndipo lalitali la mu Disembala limayandikira maola 13. Chilengedwe chimapereka ndondomeko ya maluwa kwaulere chaka chonse. Chosowa ndi tsiku lalitali, ndipo nchifukwa chake mitundu yambiri ya ku Ulaya ikabzalidwa pabwalo kuno imachita maluwa idakali yaing'ono. Mankhwala ake ngodziwika kwa alimi a maluwa a chrysanthemum: nyali zofooka zoyatsidwa pakati pa usiku zimadula mdima pawiri, mbeu nkupitiriza kukula. M'nyumba ya pulasitiki, nyali zotere zingayake ndi batire la sola. Chigawo chimodzi chikhale ndi nyali zausiku, china chitchingidwe ndi nsalu yakuda kuti kuwalako kusafikeko. Autoflower ingakhale mbali iliyonse, dzuwa likuidyetsa.

Siteshoni ya Chitedze idayamba kuyesa chamba cha mafakitale mu 2015. Ntchito yotsatira, kumeneko ndi m'masiteshoni a maiko oyandikana, ikhale yoyeza malire a maola a mtundu uliwonse umene ukugulitsidwa kwa alimi a ziphaso, kuphatikizapo mitundu yamakolo monga ya ku Nkhotakota, imene idazolowera usana ndi usiku wa kuno ndipo imachedwa kukhwima. Zotsatira zake zisindikizidwe m'zilankhulo za alimi mbeuzo zisanaloledwe pa msika.