Opaleshoni ya Phewa Si Mapeto a Nkhani

Mnyamata wina wogwila pagolo anabwela ku cipatala phewa litagulukanso, patangopita miyezi iwili cicitidwile opaleshoni ku Lusaka. Nditamufunsa, anavomela kuti anataya nsalu yokolekela mkono pa sabata yaciwili, nayamba kusenza matumba a cimanga. Zimene madotolo anasoka zinang'ambika, ndalama ya ulendo inapita pacabe.

Owelenga anzanga, phewa likamaguluka kawilikawili, makamaka kwa acinyamata a zaka zosakwana 25, opaleshoni imathandiza ndithu. Pali njila ziwili zodziwika. Ya Bankart, imene inafotokozedwa mu 1923, ndi yosokelela mnofu wong'ambika m'mphepete mwa mbale ya phewa. Ya Latarjet, ya mu 1954, ndi yodula kafupa ka kutsogolo kwa phewa ndi kukamanga ndi masikuluu pamene fupa linadyeka.

Koma zonse ziwili zili ndi zovuta zake, ndipo wodwala ayenela kuuzidwa asanasaine pepala. Phewa litha kugulukanso. Litha kuuma, munthu n'kumalephela kutembenuzila mkono kunja kapena kupesa tsitsi. Mtsempha wodutsa m'khwapa ukakhudzidwa, kunja kwa phewa kumacita dzanzi ndipo mkono umafooka. Kwa ambili izi zimatha pakapita miyezi. Cilonda cingacite mafinya. Sikuluu ingamasuke kapena kuthyoka, kafupa kangakane kulumikizana, ndipo pakapita zaka nyamakazi ingayambe.

Maganizo anga ndi akuti munthu asapite ku opaleshoni iyi asanakonze za kunyumba. Mkono ufunika kukhala m'nsalu masabata 4 mpaka 6, kenaka masewela olimbitsa phewa kwa a fizio. Khasu, katundu wolemela ndi mpila zidikile miyezi pafupifupi 6. Popeza si opaleshoni yadzidzidzi, mlimi apemphe tsiku la pambuyo pa kukolola, osati mvula ili pafupi. Wosuta fodya aleke, cifukwa fodya amacedwetsa fupa kupola. Wodwala khunyu ayambe wagwilizana ndi mankhwala ake, pakuti kugwa kamodzi kokha kungaononge nchito yonse.

Ena adzati, "Nanga banja lidya ciani miyezi yonseyo?" Funso ili ndi loona. Koma opaleshoni yaciwili ndi yovuta kuposa yoyamba, ndipo idzakulandani miyezi inanso. Acibale agawane munda caka cimodzi.

Mukaona cilonda cikutupa, kufiila, kutuluka mafinya, kapena thupi kutentha, musadikile tsiku la pa khadi. Bwelani ku cipatala tsiku lomwelo.