Key ya Windows ni yanu, lekani kuvomela "format chabe"

Pali mawu awili amene avutitsa eni makompyuta mu Lusaka kupambana fumbi na kuzima-zima kwa malaiti. Mawu ake ni "format chabe". Laputopu ikayamba kuchedwa, format chabe. Ikaonetsa uthenga umene simuumva, format chabe. Mumaisiya pa kauntala m'mawa, masana mukapita kukaitenga mupeza ili na wallpaper yatsopano, VLC na mafilimu awili a mbasela, imwe nakuseka. Chimene simunaone n'chakuti chinthu chimene munalipila na ndalama zanu achifafaniza, m'malo mwake afakamo chakuba.

Nikamba za key ya Windows, zilembo na manambala 25 zija zogawa m'magulu asanu. Key imeneyi ni katundu wanu, ndipo nthawi zambili siinasowe monga mmene amakuuzilani. Imakhala ili pamenepo. Imasowa tsiku limene munthu wothamangila kasitomala wina waona kuti kuifuna ni kutaya nthawi.

Ambili a ise sitigula laputopu yatsopano mu katoni. Timagula ya salaula, ku Town Centre, ku Kamwala kapena pa Facebook: Dell Latitude, HP EliteBook, Lenovo ThinkPad, zimene zinasebenza kale m'maofesi a kunja. Pamene kampani inapanga makina amenewo, inalipila Microsoft laisensi ya Windows, ndipo mtengo wake unalowa mu mtengo wa makinawo. Laisensi ya mtundu umenewu, imene amaitcha OEM, imamangidwa ku kompyuta imeneyo. Kompyuta ikagulitsidwa, laisensi nayo imapita kwa mwini watsopano. Ndiye kuti pamene munaŵelengela wogulitsa ndalama zija, simunagule pulasitiki na sikilini chabe. Munagula na Windows yake. Manje n'chifukwa chiyani timayang'ana zokanda pa chivundikilo, timafunsa za batile, timapempha chikwama cha mbasela, koma za laisensi sitifunsa? Akulu anati safunsa anadya phula. Ise tikudya phula na ndalama zathu.

Kumene key imapezeka kumadalila msinkhu wa makina.

Ngati kompyuta inabwela na Windows 7, imene inatuluka mu 2009, kapena Vista na XP, key ili pa stika. Pa laputopu yang'anani pansi. Mukapanda kuiona, chotsani batile muone mkati, chifukwa makampani ena anaibisa mmenemo. Pa desktop imakhala pamwamba kapena m'mbali mwa bokosi. Apa Microsoft nayo tiikambe: kulemba chinthu cha mtengo pa kapepala, n'kukamata pansi pa makina otentha amene amakhala pa miyendo ya anthu, sanaganize bwino. Ndiye chifukwa chake mastika ambili anafufuma. Koma olo yafufuma, musafulumile kutaya mtima. Iunikeni na tochi kuchokela m'mbali, muijambule na foni, mukulitse chithunzi. Ndipo dziŵani kuti key ya Windows 7 imalembedwa na zizindikilo 24 chabe. Mulibe A, E, I, O, U. Mulibe L, N, S, Z. Mulibe 0, 1 na 5. Mukaona chooneka monga O, ni Q kapena D. Zimene zimasokoneza kwambili ni 8 na B, komanso 6 na G. Munthu wodekha amatha kuŵelenga stika imene wina anati inafa.

Kuyambila pa Windows 8, mu 2012, stika yokhala na key inatha pa makina ambili a mayina. Key anailemba mkati mwa motherboard, ndipo format siingaifike. Tsegulani Command Prompt monga administrator, mulembe wmic path softwarelicensingservice get OA3xOriginalProductKey, muone zimene zituluke. Olo Windows yakana kuyaka, munthu wodziŵa angayatse makinawo na flash ya Linux n'kuŵelenga key mu fayilo yotchedwa MSDM. Nthawi zambili simufunika na kuilemba komwe: mukafaka Windows ya mtundu woyenela, imaipeza yokha.

Ngati stika kulibe koma Windows ikali kuyaka, key imakhala yobisika mu registry. Tumapulogilamu monga ProduKey, Belarc Advisor na Magical Jelly Bean Keyfinder tumaiŵelenga pa kamphindi. Tengani ku webusaiti ya eni ake, osati ku link imene wina waponya mu gulu la WhatsApp. ProduKey imatha kuŵelenga na hard drive imene mwaichotsa mu kompyuta yakufa n'kuilumikiza ku ina. Chenjezo lilipo: pa Windows 7 yofakidwa ku fakitale, key imene tumapulogilamu utu tumaonetsa ni ya gulu, imene kampani inasebenzesa pa makina ambili-mbili, ndipo payokha siigwila nchito mukafaka Windows yatsopano. Yanu-yanu ni ya pa stika. Mukaona ma B okhaokha, kaŵili-kaŵili ndiye kuti laisensi inali ya kampani imene inali na makinawo poyamba, ndipo imeneyo si yanu. Kuti mudziŵe mtundu wa laisensi imene muli nayo, lembani slmgr /dlv. Idzakuuzani ngati ni OEM, Retail kapena Volume, na kukuonetsani zilembo zisanu zothela za key.

Palinso njila ina imene ambili saidziŵa. Malaputopu ambili anabwela na kagawo kobisika pa hard drive kobwezela makina mmene anachokela ku fakitale. Pa HP mumadina F11 poyatsa, pa Acer ni Alt na F10. Mukasunga mafayilo anu kwina n'kusebenzesa kagawo aka, Windows imabwelela ili yovomelezeka kale, na madilaiva ake onse. Ndipo ngati makinawo anakwezedwapo kale kupita ku Windows 10 mwa njila yoyenela, Microsoft imawakumbukila. Mufakanso Windows 10 ya mtundu umodzimodzi, mudumpha pamene ifunsa key, mulumikiza intaneti, yatha.

Zonse izi zitenga nthawi yochepa kupambana imene mumatha pa mzele wa basi ku Kulima Tower. Nanga n'chifukwa chiyani sizichitika? Chifukwa pa makauntala ambili pali flash imodzi, ya Windows 7 Ultimate kapena Windows 10 Pro, imene imalowa mu kompyuta iliyonse yobwela. Stika yanu ikamba Home Premium kapena Professional, koma akufakilani Ultimate. Key ya Home Premium siingatsegule Ultimate, olo muilembe kakhumi. Ndiye amati, "Boss, key yanu inafa," n'kufakamo crack. Pogawa hard drive, kagawo kobwezela kaja nakonso amakafafaniza kuti "mupeze space". Munabwela na laisensi, mwabwelela na ngongole, ndipo mwalipila kuti akuchiteni zimenezo.

Nidziŵa zimene ena akamba kale mumtima: Microsoft ni olemela, crack imodzi siiwapweteka. Zoona, Bill Gates sadzagona na njala chifukwa cha laputopu ya ku Chawama. Ine sinilila Microsoft. Nilila imwe. Ganizilani zimene crack imapempha isanayambe: zimani antivirus, niyatseni monga administrator. Ni monga munthu wosam'dziŵa akuuzani kuti mangani galu, tsegulani geti, munipatse na makiyi a kuchipinda, nifuna kukukonzelani loko. Simudziŵa amene analemba pulogilamu imeneyo. Wofaka uja nayenso sadziŵa, anaikopa kwa mnzake amene anaikopa kwa wina. Akatswili a chitetezo cha makompyuta anapeza kale makope a KMSPico amene anamangililamo mapulogilamu oba mapasiwedi. Pa laputopu imeneyo ndi pamene mumatsegula Gmail, Facebook, portal ya ku koleji, na WhatsApp Web imene mumatumizilana manambala a mobile money. Ndipo kuti crack isagwidwe, ambili amazima Windows Update. Kumbukilani WannaCry, imene inatseka makompyuta m'zipatala za NHS ku Britain mu May 2017. Chigamba chotseka chiboo chimene inaloŵela chinali chitatuluka mu March chaka chomwecho. Amene anavulala ni amene sanachifake. Walila mvula walila matope: mukafuna crack, mwalandila na zonse zimene imabwela nazo.

Ena adzati nikuwonongela anyamata malonda, nawonso afuna kudya. Iyai. Nifuna adye bwino. Technician amene amatembenuza laputopu, kuŵelenga stika, kusunga mafayilo a kasitomala na kufaka Windows yogwilizana na laisensi, ameneyo ni mmisili, ndipo ayenela kulipilidwa kupambana wodina Next kasanu. Alipo otelo, ndipo ise makasitomala ndise timawagwetsa, chifukwa timathamangila wa mtengo wotsika amene alonjeza kuti pa maminitsi 30 yatha. Makanika akakuchotselani injini yabwino n'kufakamo yakuba, simungakambe kuti nayenso afuna kudya. Ba technician, ulemu wanu ulipo, koma funsani mwini makina musanafafanize chimene simungabweze.

Funso lolimba ni ili: kodi Windows 7 siinafe kale? Kumbali ya Microsoft, inafa. Analeka kuithandiza pa 14 January 2020, monga mmene anachitila na XP pa 8 April 2014. Chrome inaima pa version 109, Firefox pa 115. Khomo lokwezela ku Windows 10 mahala na key ya Windows 7 analitseka mu September 2023, ndipo Windows 10 nayo tsiku lake lothela linali 14 October 2025. Sininganame kuti key idzakutetezani pa intaneti. Siidzatelo. Windows 7 yovomelezeka nayo ni nyumba imene mwini analeka kukonza denga.

Koma makina akale sasebenza pa intaneti chabe. Pa wailesi pamene nimathandizila, pali desktop yakale imene nchito yake ni kuseŵeza nyimbo na malonda, ndipo sound card yake imamvana bwino na Windows 7. Siilumikizidwa ku intaneti, ndipo key yake inalembedwa kumbuyo kwa buku la studio. N'chimodzimodzi na mnyamata wopanga ma beat mu komboni, DJ wa pa kitchen party, na mayi wa kashopu kosindikiza makadi a ukwati amene printer yake ilibe madilaiva atsopano. Kwa anthu awa, Windows 7 yoyela, yokhala na ma update onse mpaka 2020, yosafakidwa chilichonse chachilendo, ni chida cha nchito. Hard drive ikafa maŵa, amene ali na key amagula ina, amafaka Windows, Lolemba ali pa nchito. Amene alibe amabwelela ku kauntala kukapempha crack, kapena amakhala na sikilini yakuda yolembedwa pakona kuti Windows yake si yeniyeni, pamaso pa makasitomala.

Ndipo ngati key inasowadi, stika anaimatula, hard drive anaifafaniza, musaganize kuti njila yatsala ni kuba. Linux Mint na Lubuntu ni zaulele mwalamulo, zimayenda bwino pa makina akale, zimalandila ma update, ndipo zili na browser yatsopano. LibreOffice imatsegula mafayilo a Word na Excel. Kwa mwana wa sukulu amene afuna kulemba assignment na kufufuza pa intaneti, iyi ni njila yabwino kupambana Windows 7 iliyonse, ya key kapena ya crack. Wina akakuuzani kuti Linux ni ya ma hacker, m'funseni ngati anaiyatsapo.

Manje chimene nipempha n'chochepa. Pogula, tembenuzani laputopu pamaso pa wogulitsa. Funsani kuti Windows ili mkati ni ya mtundu wanji, ndipo ngati igwilizana na stika. Lembani slmgr /dlv pamenepo pa kauntala, asakuchititseni manyazi. Akakamba kuti ni original, alembe pa lisiti. Kunamiza wogula pa za katundu n'koletsedwa mu Competition and Consumer Protection Act ya 2010, ndipo bungwe la CCPC lilipo kaamba ka madandaulo a ogula, koma popanda lisiti mudzayamba na chiyani? Popeleka makina kuti akonze, kambani momveka: musafomate nisanavomele, musakhudze kagawo kobwezela, mufake Windows yolembedwa pa stika. Akakwiya na mawu amenewa, nyamulani laputopu yanu mupite pa kauntala ina. Makauntala ni ambili.

Ndipo lelo lino, musanagone, tengani key yanu. Jambulani stika, lembani zilembo 25 zija mu buku limene mumasungila NRC na masetifiketi, mudzitumizile na pa email. Osaiika pa status, osaiponya mu gulu kuti anthu akuthandizeni kuŵelenga, chifukwa wina adzaisebenzesa imwe musanadzuke. Fodya wako ni amene ali pamphuno. Key imene ili pansi pa laputopu chabe ikufufuma tsiku lililonse pamene muiika pa miyendo.