Magiya 6, 8 kapena 10: nanga pamatope a kwa Khwethemule?

Kwa Khwethemule, monganso m'madera ambiri a boma la Thyolo, mayi akayamba matenda pakati pa usiku kapena mwana akakomoka ndi malungo, si nthawi zonse pamene ambulansi imakhala pafupi. Mwina yapita kale ndi wodwala wina, mwina ili pamzere wa mafuta. Imene imadzutsidwa ndi pikapu: ya mpingo, ya bungwe, ya wamalonda wopikula nthochi, kapena ya munthu wachifundo wa pa esiteti ya tiyi. Inu mavolontiya a zaumoyo mukudziwa zimenezi kuposa wina aliyense, chifukwa ndinu amene mumakagogoda pakhomo pa mwini galimotoyo. Mayi amene akutaya magazi kwambiri atangobereka akhoza kumwalira pasanathe maola awiri ngati sathandizidwa. Choncho nkhani ya magiya a pikapu si ya amakaniko okha ayi.

Masiku ano mapikapu a otomatiki, osintha okha magiya, akuchulukirachulukira m'misewu mwathu. Ogulitsa amatamanda nambala: iyi ndi ya magiya 6, iyo ya 8, koma iyi, bwana, ndi ya 10. Munthu ukamva choncho umaganiza kuti ya 10 ndiye ngwazi, ya 6 yatsalira. Komiti ya mpingo kapena ya chitukuko imene yasonkha ndalama zaka zambiri ikhoza kukopeka mosavuta. Ife tikuti m'misewu ya kwa Khwethemule nambala imeneyi si yofunika kuyamba nayo, ndipo pikapu ya magiya 6 yosamalidwa bwino, yokoka ndi matayala onse anayi, ndi yokwana ndithu.

Tiyambe ndi chimene giya imachita. Onani wakabaza amene njinga yake ili ndi magiya. Akafika pachitunda amatsitsira tcheni pagiya yopepuka: miyendo imapalasa kambirimbiri, njinga imayenda pang'onopang'ono, koma imakwera. Pamalo osalala amabwezera pagiya yolemera, kupalasa kamodzi n'kuyenda mtunda wautali. Injini ya galimoto nayo ili ngati miyendo ija. Ili ndi liwiro lake limene imagwira bwino ntchito popanda kuwononga dizilo, ndipo ntchito ya giyabokosi ndi kuisunga paliwiro limenelo, kaya galimoto ikukwawa pamatope kaya ikuthamanga patara.

Galimoto za otomatiki si zachilendo. Kampani ya General Motors ya ku America idayamba kugulitsa giyabokosi yotere, ya magiya 4, m'galimoto za Oldsmobile za chaka cha 1940. Mapikapu amene timawadziwa kuno adakhala nthawi yaitali pa magiya 4 kapena 5. Toyota Hilux ya otomatiki idafika pa 6 ndi mtundu umene udatuluka mu 2015. Isuzu D-Max nayo ili ndi 6, Nissan Navara ili ndi 7, Volkswagen Amarok yoyamba ija idali ndi 8 ya kampani ya ZF ya ku Germany, pomwe Ford Ranger, imene imapangidwa ku Silverton mumzinda wa Pretoria, ilipo ya 6 ndipo iliponso ya 10. Giyabokosi ya magiya 10 imeneyi Ford idaipanga mothandizana ndi General Motors.

Tiyerekeze magiyabokosi awiri a Ford omwewo, kuti pasakhale kukondera. Pa ya magiya 6 imene idali mu Ranger kuyambira 2011, giya yoyamba ndi 4.17. Tanthauzo lake n'lakuti injini imazungulira kanayi ndi pang'ono kuti shafuti yopita kumatayala izungulire kamodzi. Nambalayi ikakula, mphamvu yokokera imakulanso. Pa ya magiya 10, giya yoyamba ndi 4.70. Kumtunda kwake, giya yomaliza ya 6 ndi 0.69, pomwe yomaliza ya 10 ndi 0.64. Mwaona? Pansi pasuntha pang'ono, pamwamba pasuntha pang'ono. Magiya anayi oonjezerawo sadatalikitse makwerero kwenikweni. Adangokhomera timitengo tina pakatipakati, kuti phazi lisamatambasuke kwambiri pokwera.

Timitengo timeneti tili ndi phindu lake, ndipo tisabise. Magiya akayandikana, galimoto imasintha mosagwedeza, zimene wodwala wogona kumbuyo angayamikire. Injini imakhala nthawi yaitali paliwiro losawononga mafuta, ndipo paulendo wautali wa patara, monga kuchoka ku Thyolo kudzera ku Limbe mpaka ku Lilongwe, dizilo amapulumukako. M'dziko limene mafuta amasowa ndi kukwera mtengo kawirikawiri, chimenecho si chinthu chochepa. Amene ntchito yake ndi ya mumsewu waukulu sadalakwe kugula ya magiya 10.

Koma taganizirani kamsewu kochoka kumudzi kwanu kukafika patara. Dothi lofiira, mvula yagwa kuyambira madzulo, kapena ndi nyengo ya chiperoni pamene nthaka imangokhala chinyezi masiku angapo osauma. Dalaivala wanzeru sapitirira makilomita 20 kapena 30 pa ola. Paliwiro limenelo pikapu ya magiya 10 ikugwiritsa ntchito magiya ake apansi okha. Atatu apamwamba aja, 8, 9 ndi 10, ndi othamangira patara, ndipo pamatope amangokhala ngati alendo odikira nsima. Mwawalipira, koma usiku umenewo sakukugwirirani ntchito.

Chimene chimakweza galimoto pachitunda choterera ndi china. Mapikapu ambiri okoka ndi matayala onse anayi ali ndi kabokosi kachiwiri kumbuyo kwa giyabokosi, kamene pakabatani kapena pandodo yake pamalembedwa 4L kapena L4. Mukalowetsa pamenepo, mphamvu yokokera ya giya iliyonse imachuluka pafupifupi kawiri ndi theka. Yerekezani ndi kusiyana kuja kwa 4.17 ndi 4.70, kumene sikupitirira 13 pa 100 iliyonse. Ndiye pikapu ya magiya 6 yokhala ndi 4L idzaisiya kutali ya magiya 10 yokoka ndi matayala akumbuyo okha, imene idzangozungulira pamalo amodzi n'kumwaza matope. Ndipo zonsezi n'zachabe ngati matayala adatha mano. Si mwangozi kuti ambulansi zambiri za m'zipatala zathu za maboma ndi ma Land Cruiser a magiya 5 okha, osintha ndi dzanja, koma zimafika kumene galimoto zonyezimira zimabwerera panjira.

Pali chinanso chokhudza kukwera chimene madalaivala ozolowera kilatchi sachidziwa. Galimoto ya otomatiki ilibe kilatchi yopondera. M'malo mwake ili ndi chipangizo chotchedwa torque converter, chimene mungachiyerekeze ndi mafani awiri oyang'anizana omizidwa mu oyilo: imodzi ikazungulira imakankha oyilo, oyiloyo n'kuzunguliritsa inzake. Galimoto ikamakwera pang'onopang'ono ndi katundu wolemera, mafani awiriwa sazungulira mofanana, ndipo oyilo amatentha kwambiri. Kutentha ndiye mdani wamkulu wa giyabokosi ya otomatiki, kaya ndi ya magiya 4 kaya 10. Dalaivala amene watitimira n'kumaponda mafuta, uku akusinthasintha pakati pa D ndi R mwaukali, akuphika giyabokosi yake. Kulowetsa 4L msanga, asanayambe chitunda, kumachepetsa kutenthaku. Ndipo galimoto ikayamba kusakhazikika pachitunda, kukwera giya n'kutsikanso mobwerezabwereza, imafunika kuitsekera pagiya imodzi yapansi. Ya magiya ambiri ili ndi mpata wambiri wochita zimenezi, poti magiya ake ndi oyandikana.

Komabe chimene chimatidetsa nkhawa kwambiri si kukwera, koma kutsika. Thyolo ndi dziko la zitunda ndi mitsetse, ndipo chitunda chilichonse chimene mwakwera mudzachitsikanso. Galimoto ya otomatiki ikasiyidwa pa D pamtsetse, kawirikawiri imakonda kukwera magiya n'kumathamanga, ndipo dalaivala amangodalira buleki. Mabuleki akapondedwa mtunda wautali amatentha, amayamba kununkha chopserera, mafuta ake amatha kuwira, kenako phazi limangolowa pansi galimoto osaima. Kumbuyoko kuli wodwala, womudikirira, ndi achibale asanu amene adakwera poti galimoto yapezeka. Njira yake ndi yakale yomwe ija: kutsika ndi giya yapansi kuti injini igwire galimoto. Pa otomatiki zimatheka bwinobwino. Zakale zili ndi 2 ndi L pandodo ya giya, zatsopano zili ndi S kapena M pamodzi ndi zizindikiro za + ndi −. Dalaivala amene sadziwa ntchito ya zilembo zimenezi sadayambe kuidziwa galimoto yake, ngakhale ikhale ya magiya angati.

Ndipo pali chizolowezi china choipa chimene chimakula mafuta akasowa: kuika giya pa N pamtsetse ati pofuna kupulumutsa dizilo. Pa injini zamakono palibe chimene chimapulumuka, chifukwa galimoto ikamatsika ili m'giya, phazi litachoka pamafuta, kompyuta yake imatseka yokha dizilo. Pa N injini imamwabe mafuta kuti isazime, ndipo galimoto yatsala ndi mabuleki okha. Inu makolo, mukakwera ndi mwana wanu n'kuona dzanja la dalaivala likukankhira pa N pamwamba pa mtsetse, lankhulani. Si mwano. Nenani mwaulemu kuti, "Adalaivala, tibwezereni m'giya, tili ndi wodwala."

Tsopano tifike pa funso limene ogulitsa salikonda: ikawonongeka, akonza ndani? Giyabokosi ya magiya ambiri imayendetsedwa ndi kompyuta komanso timavavu tamagetsi tambiri, ndipo kuti makaniko adziwe chavuta amafunika makina olumikiza kugalimoto. Ya magiya 6 yamakono nayo ili ndi kompyuta, koma yakhala nthawi yaitali m'misewu ya kuno ndi ya ku South Africa, kotero amisiri oidziwa ndi zipangizo zake zimapezekako msanga. Zipangizo zonsezi zimachokera kunja, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 pa 100 iliyonse mu Novembala 2023, aliyense wogula zakunja akudziwa ululu wake. Pikapu imene yakhala pamiyala miyezi itatu kudikira kachipangizo kochokera ku Johannesburg siinganyamule munthu kupita naye ku Malamulo kapena kuchipatala cha boma ku Thyolo.

Oyilo wa m'giyabokosi nayenso sasinthanitsidwa mwachisawawa. Hilux ya magiya 6 imafuna wotchedwa ATF WS. Ford ya magiya 6 imafuna Mercon LV, pomwe ya 10 imafuna Mercon ULV, wopyapyala kwambiri. Mayinawo akufanana, koma si oyilo mmodzi, ndipo wa pagolosale amene wangokuuzani kuti "ndi yemweyo" sadzakhalapo tsiku limene giyabokosi idzayambe kuterereka. Oyilo wabwino amakhala wofiirira ndi woyera bwino. Akada n'kumanunkha chopserera, watha ntchito. Akaoneka ngati wasakanizidwa ndi mkaka, mwalowa madzi, mwina powoloka mtsinje wodzadza, monga zidachitikira galimoto zambiri m'chigawo cha kummwera pa nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023. Galimoto yotero isayendenso mpaka oyiloyo atachotsedwa.

Mwina wina anena kuti, "Ife galimoto sitigula, timangopempha." N'zoona, ndipo usiku wa mavuto munthu sasankha. Koma kusankha kumachitika masana, mvula isanayambe. Komiti ya zaumoyo ya m'mudzi imene ikulemba manambala a foni a eni galimoto ikhoza kufunsiratu: kodi imakoka ndi matayala onse, ndipo 4L yake imagwira? Matayala ali bwanji? Dalaivala wake amatsika bwanji mtsetse wa kwathu kuno? Amene ayankhe bwino mafunso amenewa alembedwe pamwamba, ngakhale galimoto yake ikhale yakale ya magiya 4. Ndipo mayi amene masiku ake ayandikira m'nyengo ya dzinja, makamaka wokhala kutsidya kwa mtsinje, apite kuchidikiro msewu ukadali wabwino.

Kwa mpingo, bungwe kapena gulu la alimi a tiyi limene likufunadi kugula, musayesere galimoto patara ya paboma pokha, pamene iliyonse imaoneka yabwino. Pemphani kuti ikwere chitunda choipitsitsa cha kwanu itanyamula matumba angapo, iime pakati pa chitundacho, inyamukenso, kenako itsike ndi giya yapansi. Poimika pamalo otsetsereka, monga ponyamula wodwala pakhomo, dalaivala ayambe wakoka handibuleki asanaike pa P, chifukwa chimene chimagwira galimoto pa P ndi kachitsulo kakang'ono m'kati mwa giyabokosi, kosayenera kusenza pikapu yodzadza.

Funsaninso za batire. Tonse tidazolowera kuti galimoto ikakana kulira, anyamata amaikankha n'kulira. Ya otomatiki siilira ndi kukankha, ngakhale mudzi wonse utadzuka, ndipo kuikoka ndi chingwe mtunda wautali injini itazima kumawononga giyabokosi. Pikapu ya otomatiki imene mudzi ukuidalira usiku ikhale ndi batire yamphamvu, ndiponso mawaya olumikizira ku batire ya galimoto ina azikhala kuseri kwa mpando nthawi zonse.