Gaga wapita ku khola, ife tatsala ndi ufa woyera

Alimi anzanga a ku Thyolo, tikamanena za njala timawerenga matumba a chimanga. Koma pali njala ina yomwe imagwira ngakhale munthu wokhuta nsima: njala ya m'matumbo.

M'matumbo mwa munthu aliyense muli tizilombo tosaoneka ndi maso tambirimbiri, ndipo tambiri mwa ito n'tothandiza. Chakudya chake ndi zolimba zomwe mimba yathu sitha kugaya, monga gaga, makoko a nyemba ndi nandolo, ndi mitsempha ya masamba. Tikadya zimenezi timatulutsa zinthu zolimbitsa khoma la matumbo ndi kuthandiza thupi kulimbana ndi matenda. Tikazisowa timachepa. Kudya zakudya zotere mokwanira kumachepetsa kudzimbidwa komanso chiopsezo cha shuga, matenda a mtima ndi khansa ya m'matumbo.

Izi si za Azungu okha ayi. Mu 2013 akatswiri a ku Washington University, mogwirizana ndi a ku College of Medicine ku Blantyre, adafalitsa zomwe adapeza atatsatira mapasa 317 a m'midzi ya kuno ku Malawi. Nthawi zina mwana mmodzi ankatupikana pomwe mnzake ali bwino, chonsecho akudyera mbale imodzi. Atatenga tizilombo ta m'matumbo a ana otupikanawo n'kuika mwa mbewa zoyeserera, n'kumazidyetsa chakudya chonga cha m'midzi mwathu, mbewazo zidaonda kwambiri. Ndiye kuti chakudya choperewera ndi tizilombo tosokonekera zimapweteka mwana mothandizana. Tisaiwalenso kuti kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu adali opinimbira.

Nanga ife tikuchita chiyani? Timakonola chimanga, kuviika mphale, kugayitsa ufa woyera mbee, gaga n'kupatsa nkhumba. Nkhumba ikunenepa, mwana akudzimbidwa! Ena amati mgaiwa ndi wa akaidi, wa amphawi. Manyazi amenewa akutidyera thanzi. Chofunika kusamala n'chakuti chimanga cha mgaiwa chikhale chouma bwino ndi chosankhidwa, chifukwa chuku ndi poizoni.

Komabe tisamangoloza chala amayi kukhitchini. Mayi aphika chiyani ngati munda ndi wa mizere yowerengeka? Dothi labwino la boma lino lidalowa m'maesiteti a tiyi kuyambira nthawi ya atsamunda, ife n'kupanikizana m'matsitso. Wa munda wochepa amadzala chimanga chokha. Nthochi za ku Thekerani ndi Masambanjati, zomwe ana ankadya osafunsa munthu, zidasakazidwa ndi matenda a chisaka. Nandolo tidamusandutsa wa mavenda, ndipo dziko la India litachepetsa kugula mu 2017, mitengo idagwa, mlimi n'kutsala manja ali m'khosi. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu adye magalamu 400 a masamba ndi zipatso tsiku lililonse. Kodi wothyola tiyi, yemwe amachoka m'mamawa n'kubwera dzuwa litapendeka, awapeza kuti?

Choncho tikupempha izi, ndipo sitikunyengerera. Eni maesiteti aike masamba ndi mgaiwa pa chakudya chamasana cha antchito tsiku ndi tsiku, ndipo malo omwe sakulimidwa awapereke kwa mabanja kuti alime ndiwo. Unduna wa Zamalimidwe usamaone chimanga chokha pa thandizo la zipangizo zaulimi: tikufuna mbewu ya nyemba, nandolo ndi khobwe, komanso mbande za nthochi zopanda matenda zifike m'makalabu athu.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Pokolola nandolo, thumba loyamba likhale la pakhomo, venda alandire zotsala. Chisoso, bonongwe, chigwada ndi kholowa si udzu. Tifutse mfutso nthawi ikadalipo. Mbatata ndi kalongonda zibwerere pa mphasa. Pa msonkhano wa kalabu wa mwezi uno nkhaniyi ilembedwe, amfumu ndi alangizi ayimve. Mutu umodzi susenza denga.